Zotsatira zikatuluka, tikumbukenso amene sadakhoze

Chaka chilichonse bungwe la MANEB likatulutsa zotsatira za mayeso a MSCE, pawailesi ndi pa Facebook pamangomveka mayina a ana amene apeza mapointi 6 kapena 7. Palibe cholakwika, anawo adakhetsa thukuta. Koma ine ndimaphunzitsa pa CDSS ya kumudzi, ndipo maso anga amakhala pa gulu lina: amene amayendetsa chala pa pepala la zotsatira kuchokera pamwamba mpaka pansi, kubwerezanso kachiwiri, kenako n'kubwerera kwawo podzera njira ya kuseri kuti asakumane ndi anzawo.

Kunyumba kumakhala kukuwadikira mawu. "Mbuzi zonse tidagulitsa zija zangopita pachabe." Kholo loyankhula choncho sindiliweruza, lidavutikadi kupeza fizi. Komatu mawu olasa kwambiri si a kholo ayi. Ndi amene mwanayo amadziuza yekha usiku: ndine mbuli, mutu wanga ngouma, palibe chimene ndidzapindule.

Tiyeni tione kaye mwanayu. Amadzuka kusanache, kuyenda mtunda wautali m'mimba muli pululu. Buku la Biology limodzi amagawana anthu angapo. Sayansi amaiphunzira pabolodi chifukwa labu kulibe. Teremu ina adakhala milungu kunyumba atabwezedwa fizi, akuchita ganyu. Madzulo amawerengera tochi, mabatire akapezeka. Tsiku la mayeso amapatsidwa pepala lomwe lija akulemba mnzake wa kusukulu yogonera komweko, ya magetsi ndi laibulale. Ndipo akangolephera Chingerezi, satifiketi palibe, ngakhale maphunziro ena akhoze bwino. Kuganizira zonsezi musanatsegule pakamwa, ndiko kudziika m'malo mwa mnzako kumene timalalikira kutchalitchi ndi kumzikiti.

Mwana wotere akabwera kudzatenga zotsatira zake, ndimamufunsa funso limodzi: "Akanakhala mnzako wapamtima amene walephera, ukanamuuza chiyani?" Yankho silichedwa. Amati akanamuuza kuti asataye mtima, adayesetsa, adzalembenso. Ndiye ndimati, "Nanga bwanji iwe ukudziyankhula ngati mdani wako?" Ambiri amangoti zyoli. Ena amaseka pang'ono, ndipo kuseka kumeneko ndiye poyambira. Kenako timaona phunziro lililonse palokha. Nthawi zambiri timapeza kuti si "zonse" zimene zavuta, koma maphunziro awiri kapena atatu. Apa nkhani imasintha: kubwereza fomu 4, kulowa Open School ya masana, kapena kukaphunzira ntchito zamanja m'makoleji a pansi pa TEVETA.

Aphunzitsi anzanga ena amandiseka. Amati chifundo chidapha nkhwali, ana awa ukawanyengerera amachita ulesi. Ine ndimaona kuti tikusokoneza zinthu ziwiri. Kudzimvera chisoni ndiko kukhala pakhonde tsiku lonse n'kumati dziko landida. Kudzichitira chifundo n'kuvomera kuti zandipweteka, mwina penanso ndidatayirira, koma sindine chinyalala, ndiyambirenso. Mwana amene wadzitcha mbuli satsegulanso kope. Atsegulirenji?

Anyamata ndiwo amandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa tidawalera ndi mawu oti mwamuna salira. Malipoti a apolisi akhala akusonyeza kuti ambiri mwa odzipha m'dziko muno ndi amuna. Thandizo la akatswiri lilipo ku chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba komanso ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, koma kwa mwana wa kumudzi kumeneko n'kutali. Woyamba kuona kuti wasiya kudya kapena akungodzitsekera m'gowelo ndi mayi ake, amalume ake, kapena ife.

Aphunzitsife nafenso timasenza zathu. Zotsatira zikavuta, pamsonkhano wa makolo zala zonse zimaloza ife, pamene ena tikuphunzitsa maphunziro atatu kuphatikizapo limene sitidaliphunzire kukoleji. Mphunzitsi amene wadzitemberera usiku wonse, m'mawa mkwiyo wake umathera pa ana a fomu 1.

Pempho langa kwa ahedi ndi laling'ono. Tisamawerenge pa asembule mayina a amene alephera ngati chenjezo kwa ang'ono awo. Aliyense alandire zotsatira zake muofesi, pakhale mpando woti akhalepo, ndi mphunzitsi mmodzi amene sakuthamangira kwina.