Makina ophwanya miyala amene amalondola mwala kumene uli

Aliyense amene anayesapo kukumba maziko a nyumba kapena dzenje la cimbudzi ku Kabwata, Chilenje kapena Woodlands adziwa kuti Lusaka inakhala pa mwala. Mukangocotsa dothi pang'ono cabe, piki iyamba kulila. Mwala umenewu, wa mtundu wa laimu, ndiwo unacititsa kuti kampani ya simenti ikhazikitsidwe ku Chilanga mu 1949. Ndiwonso umadyetsa amai ambili amene timaona m'mbali mwa mseu wa Kafue ndi ku Kalingalinga, atakhala pansi nyundo ili m'manja.

Kale mwala ndiwo unali kupita ku makina. Anali kuuswa ku mgodi, kuukweza pa thilaki, ndi kuupeleka ku makina omangidwa pamalo amodzi. Masiku ano kuli makina amene amadzipitila okha kumene kuli mwala. Amayenda pa macheni monga katapila, ndipo woyendetsa amaima pambali ndi rimoti m'manja. Kampani ya Lokomo ya ku Tampere m'dziko la Finland inayamba kupanga makina otele mu 1985, ndi kuwacha Lokotrack. Paokha amayenda ngati nkhono, conco pocoka ku malo ena kupita ku ena amanyamulidwa pa thilaki yaitali.

Nanga mkati mwake mumacitika ciyani? Katapila imatapa miyala ndi kuikhuthulila m'cibeseni cacikulu ca pamwamba. Pansi pa cibeseni pali thebulo la citsulo limene limanjenjemela, ndipo kunjenjemela kumeneko kumakankhila miyala kutsogolo pang'onopang'ono. Thebuloli lili ndi mipata kuti dothi ndi timiyala ting'onoting'ono tigwe tisanafike pophwanyila, cifukwa kuphwanya cinthu cophwanyika kale n'kuononga dizilo.

Mtima wa makinawa ndi nsagwada ziwili za citsulo colimba cosakaniza ndi manganese. Imodzi siisuntha, ina imapita kutsogolo ndi kumbuyo maulendo oposa 200 pa mphindi imodzi. Pamwamba n'zotalikilana, pansi n'zoyandikana, monga cilembo ca V. Mwala ukagwelamo umafinyidwa, umasweka, zidutswa zimatsikila pansi pomwe pali pothina, zimafinyidwanso, mpaka zitacepa moti n'kutulukila pa mpata wa pansi. Mawilo awili olemela a m'mbali amasunga mphamvu kuti injini isatsamwe ikakumana ndi mwala wouma mutu. Nzelu imeneyi si yatsopano ai: Eli Whitney Blake wa ku New Haven ku America anailembetsa mu 1858 pofuna miyala yokonzela miseu ya m'tauni yakwao.

Mpata wa pansi uja ndiwo umalamula zonse. Woyendetsa akaucepetsa, miyala imatuluka yaing'ono koma nchito imacedwa ndipo zitsulo zimatha msanga. Akaukulitsa, nchito imathamanga koma miyala imatuluka ikuluikulu. N'cifukwa cake nsagwada pazokha sizipeleka miyala ya konkile. Zotulukazo, zokula ngati cibakela, zimakwela pa lamba kupita ku makina aciwili, amene amazipela pakati pa zitsulo ziwili zooneka ngati belu kapena kuzimenyetsa ku khoma la citsulo. Kucoka apo zimafika pa masefa osanjikizana. Zokula kwambili zimabwelela kukaphwanyidwanso, za mamilimita 20 zimapita mulu wake wa konkile, ndipo fumbi lija omanga amati quarry dust limapita kwa oumba mabuloko. Makina apakati cabe amatha kuphwanya matani oposa 100 pa ola limodzi.

Phindu lake lalikulu lili pa mayendedwe. Mwala ndi katundu wolemela koma wochipa, motelo mbali yaikulu ya ndalama zimene womanga nyumba ku Chelstone amalipila imathela pa dizilo ya thilaki. Miseu ya L400 imene inayambika mu 2013, ndi milato ya pamwamba ya ku Makeni, Arcades, Munali ndi Longacres, zinadya miyala yosawelengeka. Pa nchito zazikulu conco, kuphwanyila mwala pafupi kumacepetsa maulendo. Ku Kabulonga nako, kumene nyumba zakale zikugwetsedwa kuti pamangidwe maofesi ndi mafulati, zigumu za konkile zingaphwanyidwe pa pulooti pomwepo n'kukhala zoyala pansi, m'malo mokazitaya usiku m'mbali mwa mseu monga ena amacitila. Pamwamba pa lamba pamakhala maginito amene amatola zitsulo za m'konkile.

Koma makina akabwela pafupi, phokoso ndi fumbi nazo zimabwela pafupi. Amakhala ndi timipopi tothila madzi pa miyala, ndipo mwini nchito wofuna kusunga ndalama ndiye woyamba kutseka madziwo. Okhala pafupi ali ndi ufulu wofunsa ngati nchitoyo ili ndi cilolezo ca bungwe la ZEMA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la zacilengedwe la mu 2011.

Nkhawa yanga yaikulu ili pa amai a nyundo aja. Iwo amaocha matayala pa mwala kuti ung'ambike, amapuma utsi ndi fumbi tsiku lonse, ndipo amagulitsa pa wilibala. Zimene makina amaphwanya pa ola limodzi, mai mmodzi sangazimalize ngakhale pa miyezi. Miyala yao siilingana kukula, ndiye cifukwa cake makontilakita akuluakulu saigula. Makasitomala ao ndi ife omanga cipinda cimodzicimodzi. Maenje amene amatsala m'makomboni monga Misisi amadzala madzi m'dzinja, ndipo ana amasewela pamenepo.

Kuwathamangitsa sikungathetse kanthu, popeza njala idzawabwezela pomwepo. Kuli makina ang'onoang'ono a nsagwada okokedwa ndi motoka, amene gulu la amai makumi awili lingathe kuyendetsa. Ndalama za CDF zinakwezedwa kwambili mu 2022, ndipo mbali ina ndi ya magulu a amai ndi acinyamata. Makhansala a m'madela amenewa angayambe ndi kufunsa mtengo wa makina amodzi otele, pamodzi ndi sefa yake ndi thanki ya madzi.