Bondo lowawa silicira pogona pamphasa

Ife amene timayenda m'midzi ya kwa Mfumu Mlolo kukazonda odwala ndi okalamba tazolowera kumva dandaulo limodzi: "Mabondo anandithera." Olankhula ndi amai amene akhala akuunga mizere ndi kusenza madzi kuyambira utsikana wao, kapena abambo amene anapalasa njinga ndi matumba a cimanga mpaka ku Chadiza Boma. Lero kunyamuka pansi afunikira kugwira nsanamira. Ana ao mowamvera cisoni amawauza kuti, "Agogo, khalani pansi, zonse ticita ndife." Cikondi cilipo ndithu, koma malangizo awa ndi amene amatsiriza bondo.

Nyamakazi ya ukalamba imagwira kwambiri bondo ndi mfundo ya m'ciuno, paja nchafu ilumikizana ndi thupi. Kumapeto kwa mafupa kuli kafupa kofewa koterera, konga kaja timakukuta pa fupa la nkhuku. Kameneka kakayamba kuperepeseka, mfundo imauma m'mawa, imalira poyenda, ndipo imawawa potsika mtunda. Sikulodzedwa iai. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likuti mu 2019 anthu 528 miliyoni anali ndi matendawa, ndipo mwa iwo 365 miliyoni anali a bondo. Ambiri ndi opitirira zaka 55, ndipo azimai ndiwo oculuka.

Tsono mvetsani apa. Cimene cimacirikiza bondo ndi mnofu waukulu wa kutsogolo kwa nchafu, monga momwe mzati ucirikizira denga. Munthu akagona pamphasa milungu ingapo cabe, mnofuwo umaphwa, bondo limatsala lokha kusenza thupi lonse, ululu umakula, ndipo mwini wace amaopa kuyenda koposa kale. Komanso kafupa koterera kaja kalibe mitsempha ya magazi. Kamadya kucokera m'madzi a m'mfundo pamene mfundoyo ikupindika ndi kuwongoka. Bondo losayenda lili ngati hinji ya citseko cosatsegulidwa.

Nchito yocirikiza mfundo mwa kuyendetsa thupi a cipatala amaicha physiotherapy, ambiri amangoti mafizo. Akatswiri ace amaphunzira ku Evelyn Hone College ndi ku yunivesiti ya UNZA mu Lusaka, ndipo kuno kum'mawa mungawapeze ku St Francis ku Katete ndi ku Chipata Central Hospital. Kwa mlimi wa kwa Mlolo ulendo wotero ndi ndalama ya feteleza, tikudziwa. Mwai wace ndi wakuti zambiri zimene amaphunzitsa sizifuna makina. Zifuna mphasa yomweyo, mpando ndi khama.

Yambani motere. Khalani pamphasa mutawongola mwendo, ikani citenje copindapinda pansi pa bondo, ndipo cikanikizeni ndi bondolo mpaka nchafu ilimbe. Werengani mpaka 5, masulani, bwerezani ka 10. Kenaka gonani cagada, mwendo wabwino mutaupinda, ndi kukweza wodwalawo uli cowongoka mpaka ufanane ndi bondo linzace, n'kuutsitsa pang'onopang'ono. Kutsitsako musathamange, ndi pamene mnofu umagwira nchito. Muli cigonere comweco, kokerani cidendene kumatako n'kucibweza, kuti bondo lisaiwale kupindika.

Za m'ciuno zilinso ziwiri. Gonani cagada mabondo onse atapindidwa, mapazi ali pansi, ndipo kwezani matako m'mwamba, n'kutsitsa. Kenaka gonani cam'mbali, mbali yowawa ili pamwamba, n'kukweza mwendowo pang'ono osaupinda. Minofu ya m'mbali mwa ciuno ndi imene imaletsa munthu kupendekeka poyenda.

Koma ngati wina anganene kuti zonsezi zamuculukira, ife tingamusankhire cimodzi: kukhala ndi kunyamuka pampando. Pezani mpando wautali bwino, osati kampando kapansi ka pamoto, uyedzamitseni kukhoma, nyamukani ndi kukhalanso ka 10, m'mawa ndi madzulo. Poyamba gwirani ndi manja, mphamvu zikabwera asiyeni. Uyu ndiye mayeso a tsiku ndi tsiku a munthu wokalamba, pakuti wotha kunyamuka yekha amatha kupita kucimbudzi popanda kuitana mdzukulu, ndipo ulemu wace umasungika.

Kodi sizipweteka? Zimapweteka pang'ono, makamaka masiku oyamba, ndipo apa ndi pomwe ambiri amalekera. Lamulo lace ndi ili: ululu wopiririka umene watha pofika mawa lace si wooopsa. Ngati mawa bondo latupa kapena likuwawa koposa dzulo, cepetsani nambala, koma musasiye. Musayembekeze cozizwitsa pa sabata imodzi. Kusintha kumaoneka pakapita milungu 6 mpaka 12. Musanayambe, thowani bondo ndi nsalu yoviika m'madzi ofunda kwa mphindi 15. Odwala shuga ayese madziwo ndi dzanja poyamba, cifukwa miyendo yao ingapse iwo osamva.

Ndodo nayo ambiri amaigwira molakwa. Iyenera kukhala kudzanja la mbali yosawawa, n'kumapita patsogolo pamodzi ndi mwendo wodwala, ndipo kutalika kwace ifike pa mfundo ya dzanja munthu ataima. Pokwera citunda kapena khonde tsogozani mwendo wabwino, potsika tsogozani wodwala. Za kulemera, kafukufuku wa Stephen Messier ku America mu 2005 anapeza kuti kilo imodzi imene munthu wonenepa wataya imacotsa pafupifupi makilo 4 pa bondo pa sitepe iliyonse. Ambiri a kumudzi kuno sionenepa, koma cigubu ca malita 20 pamutu ndi makilo 20. Apa ndiye pamene adzukulu ayenera kuthandiza: asenze madzi ndi matumba, koma agogo aziwalola kuyenda kupita kudimba, kusesa ndi kuswa nshawa. Kumunda agwire pang'ono, apume, agwirenso.

Tinenepo za kugwada, poti ena amatinong'oneza mwamanyazi kuti analeka kubwera ku Misa cifukwa sangathe kugwada. Malamulo a Misa amalola wodwala kusagwada. Bwerani, khalani pa benchi. Ulendo wa ku chalichi womwewo ndi mafizo.

Mapiritsi a Brufen ndi diclofenac amene amagulitsidwa m'tuntemba amapha ululu, koma kumwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi kumabweretsa zilonda zam'mimba ndi kuononga impso, makamaka kwa okalamba ndi a BP. Mphini nazo timaziona pa mabondo ambiri. Zimatema khungu pomwe vuto lili mkati mwa mfundo, ndipo lumo lobwerekana lingabweretse matenda ena.

Si ululu uliwonse umene uli wa mafizo. Bondo likatupa mwadzidzidzi, lotentha, munthu akumva malungo, pitani ku cipatala tsiku lomwelo. Cimodzimodzi wokalamba amene wagwa n'kulephera kuponda, pakuti fupa la m'ciuno limathyoka mosavuta. Musamuthowe kapena kumukoka mwendo, mutengeni pangolo. Ululu wodzutsa usiku pamodzi ndi kuonda ndi thukuta ungakhale TB ya m'mafupa. Mwana wotsimphina popanda bala naye aonedwe msanga. Ana ofunikira opaleshoni ya mafupa amathandizidwa ku Beit CURE mu Lusaka, cipatala cimene cinatsegulidwa mu 2006. Yambirani ku kiliniki ya kwanu, ndipo mukapatsidwa kalata yopita ku Chadiza, ku Katete kapena ku Chipata, pitani ndi mwana wodziwa kulemba, alembe zonse zimene a mafizo akuonetseni kuti mukazibwereze kunyumba.