MTENGO WA MAPULOGALAMU OWERENGERA MALIPIRO WAYAMBA KUWAWA

Mwini sitolo, mwini sukulu yoyima payokha ndiponso mwini chigayo amene walemba anthu ntchito, onsewa ali ndi chintchito chimodzi pakutha kwa mwezi uliwonse, ndicho kuwerengera malipiro. Ntchitoyi si yongogawa ndalama ayi. Pa malipiro a wantchito pamachotsedwa msonkho wa PAYE, umene uyenera kufika ku Malawi Revenue Authority pofika tsiku la 14 la mwezi wotsatira. Lamulo la penshoni, limene linayamba kugwira ntchito mu 2011, linaika kuti wolemba ntchito azipereka 10 pa 100 iliyonse ya malipiro, wantchito naye 5. Palinso 1 pa 100 ya TEVET, yothandizira maphunziro a ntchito zamanja. Kale masamu otere ankachita ndi kalaliki m'buku lake lalikulu la mizere, koma lero ambiri anawasiya m'manja mwa mapulogalamu a pakompyuta, ndipo mtengo wa mapulogalamuwo ndiwo wadzetsa madandaulo.

Gwero loyamba la vutoli nlakuti makampani opanga mapulogalamuwa anasintha kagulitsidwe kawo. Poyamba munthu ankagula pulogalamu kamodzi, naiika m'kompyuta yake, nagwira nayo ntchito zaka zambiri monga achitira ndi njinga. Masiku ano makampani ambiri akubwereketsa m'malo mogulitsa. Munthu amalipira lendi mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka, ndipo kawirikawiri lendiyo imakula monga mwa kuchuluka kwa antchito ake. Kampani ya Intuit ya ku America, mwini wake wa QuickBooks, inaleka mu 2024 kugulitsa mitundu ingapo ya QuickBooks Desktop kwa ogula atsopano a m'dzikomo, nilozera anthu ku pulogalamu yake ya pa intaneti. Pastel, imene akalaliki ambiri a kumwera kuno kwa Africa anaphunzirira ntchito, inachokera ku South Africa, koma mu 2003 kampani ya Sage ya ku Britain inagula Softline, mwini wake wa Pastel. Tsono mitengo imakhazikitsidwa kutali, ndi anthu amene sanaonepo sitolo ya ku Mzimba kapena ya ku Nsanje.

Gwero lachiwiri ndi ndalama ya Kwacha. Lendi zambiri zotere zimalembedwa m'madola kapena m'marandi. Mu Meyi 2022 Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 pa 100, ndipo mu Novembala 2023 ndi 44 pa 100, kotero kuti dola imodzi, imene inali pafupifupi K1,180, inafika K1,700. Mwachitsanzo, munthu wolipira madola 50 pa mwezi ankatulutsa K59,000 dzulo lake, koma m'mawa mwake ngongole yomweyo inali K85,000, kampani yakunja isanawonjezepo ngakhale senti. Kwa kampani yaikulu ya antchito mazanamazana kusiyana kumeneku nkochepa. Kwa mphunzitsi wopuma amene watsegula sukulu ya mkaka ndi alezi anayi, ndi ndalama zogulira choko ndi phala.

Komatu nkwabwino kufunsa chimene munthu amagula ndi lendi imeneyi. Kuphatikiza ndi kuchotsera si chinsinsi. Mwana wa Sitandade 8 amatha. Chimene chili ndi mtengo ndicho kusintha masamu pamene lamulo lasintha. Mu Epulo 2024, mwachitsanzo, Boma linakweza gawo la malipiro losadulidwa msonkho kuchoka pa K100,000 kufika pa K150,000 pa mwezi, ndipo zosintha zotere zimabwera kawirikawiri Nduna ya Zachuma ikawerenga bajeti. Wolemba ntchito amene sanakonze masamu ake amadula wantchito mopitirira, kapena amapereka msonkho woperewera nkugwa m'chindapusa. Chodabwitsa nchakuti mapulogalamu ena akunja, ngakhale ali okwera mtengo chomwecho, sadziwa malamulo a msonkho a Malawi, ndipo mwini wake amalowetsabe yekha manambala onse ndi manja.

Njira zotsika mtengo zilipo. Kwa bizinesi ya antchito asanu kapena khumi, tebulo lowerengera la mu LibreOffice Calc, pulogalamu yaulere yoyang'aniridwa ndi bungwe la The Document Foundation ku Germany, limakwana ndithu, ndipo silifuna intaneti. Choopsa chake nchimodzi: kabokosi kamodzi kakalakwika, cholakwacho chimayenda mwezi ndi mwezi popanda wochiona. Nchifukwa chake tebulo lotere liyenera kuonedwa ndi wodziwa za msonkho nthawi iliyonse malamulo akasintha. Kwa mabizinesi okulirapo kuli ERPNext, yochokera ku kampani ya Frappe ya ku India, imene munthu angathe kuitenga osalipira laisensi, ngakhale kuti woiika ndi kuikonza amafuna malipiro ake. Ena amangopereka ntchito yonse kwa akauntanti mmodzi wosunga mabuku a masitolo angapo, amene amalipidwa m'makwacha ndipo angafunsidwe maso ndi maso.

Ku Britain bungwe lotolera msonkho la HMRC limapereka kwaulere pulogalamu yotchedwa Basic PAYE Tools kwa olemba ntchito amene ali ndi antchito osafika 10. Nzeru yake njoonekeratu, pakuti wolemba ntchito wowerengera bwino amapereka msonkho wokwanira pa nthawi yake. Kuno kwathu Msonkho Online inafupikitsa kale ulendo wopita ku ofesi ya msonkho, ndipo chida chaching'ono chowerengera malipiro chikanayenda bwino pambali pake.

Amene akuganiza zosiya pulogalamu yolipira asathamange. Zolemba zake zonse zili m'manja mwa kampani, ndipo lendi ikatha khomo likhoza kutsekedwa. Ayambe watulutsa kaundula wa malipiro a miyezi yonse yam'mbuyo, zikalata za PAYE ndi za penshoni, nazisunga pa pepala ndi m'kompyuta. Ayendetsenso njira yakale ndi yatsopano pamodzi kwa mwezi umodzi kapena iwiri, kuti aone ngati manambala akufanana.