Mabuleki a njinga yamoto: nkhani imene amayi tisasiyire abambo okha

Amayi anzanga, m'boma lathu lino la Rumphi njinga yamoto yasanduka ng'ombe ya pakhomo. Fodya akangogulitsidwa ku okushoni ya ku Mzuzu, mabanja ambiri a ku Bolero, ku Mhuju ndi ku Hewe amagula njinga kuti bambo kapena mwana wamwamuna azichita kabaza. Ndiyo imabweretsa ya mchere ndi ya sopo, ndiyo imapititsa chimanga kuchigayo, ndiyonso imathamangira kuchipatala ndi mayi woyembekezera pakati pa usiku. Motero tsiku limene bambo afika madzulo nanena kuti, "Amake mwana, mabuleki ayamba kulira, ndipatseni ndalama ya mapadi," nkhaniyo ndi yanunso. M'nyumba zambiri wosunga ndalama ndinu, ndipo wokwera kumbuyo kwa njingayo, khanda lili kumsana, ndinu nomwe.

Ife amayi tinazolowera kunenerera pamsika, ndipo pa usipa ndi tomato ndi nzeru ndithu. Koma mapadi a mabuleki asasankhidwe poyang'ana mtengo wokha, makamaka kuno kwathu kumene kuli mapiri.

Taganizani za msewu wa Golodi, wochokera ku Livingstonia, kumene Dr Robert Laws anakhazikitsa mishoni m'chaka cha 1894, kutsikira ku Chitimba m'mbali mwa nyanja. Uli ndi makhota akuthwa pafupifupi 20, ndipo mbali ina ndi phompho. Taganizaninso za chitsikira cha ku Chiweta pa msewu wa M1. Buleki amaimitsa njinga pamene padi yakanikiza chitsulo chimene chimazungulira pamodzi ndi gudumu, ndipo kupekesana kumeneku kumabala kutentha, monga momwe makolo athu ankapekera moto ndi timitengo. Pa msewu wosalala padi imatentha pang'ono nkuziziranso. Pa chitsikira chachitali, njinga itanyamula anthu awiri ndi thumba la ufa, siipeza mpata wozizira. Padi yosalimba ikatentha kwambiri imayamba kuterera pachitsulo: woyendetsa amafinya ndi mphamvu zake zonse koma njinga imangopitirira. Chowawa nchakuti padi yomweyo inkagwira bwinobwino m'mawa paboma, ndipo palibe amene akanaikayikira. Nchifukwa chake woyendetsa wanzeru amatsika phiri ndi giya yaying'ono, kuti injini ithandize kugwira njinga ndipo mabuleki apumeko.

Musanapereke ndalama, dziwani mtundu wa mabuleki a njinga yanu. Ngati pagudumu pakuoneka chitsulo chobulungira ngati mbale, chimene amati disiki, ndiye kuti pali mapadi awiri amene amachipana uku ndi uku. Ngati simukuona mbale yotere, mabuleki ali m'kati mwa dilamu pakati pa gudumu, ndipo m'menemo muli tizitsulo tiwiri topindika ngati mwezi watsopano, timene amakaniko amati mabuleki shu. Njinga zina zili ndi disiki kutsogolo ndi dilamu kumbuyo, zina ndi dilamu konse kuwiri. Kampani iliyonse ili ndi muyeso wakewake, choncho bambo apite kusitolo ya masipeya ndi padi yakale m'manja, akaiyerekeze ndi yatsopano, mabowo ndi maonekedwe zifanane. Wogulitsa akati, "Iyi ilowa, mungoipala pang'ono," ndalama ibwerere m'thumba.

Kudziwa kuti mapadi atha sikulira sukulu. Padi ili ndi mbali ziwiri: chitsulo chakumbuyo ndi mnofu umene anaumatapo, ndipo mnofuwo ndiwo umagwira ntchito. Ukatsala wopyapyala ngati kamtengo ka machesi, ndiye kuti pafupifupi mamilimita 2, nthawi yosintha yakwana. Mapadi ambiri ali ndi kamzere kokumba pakati. Kamzereko kakafafanizika, musadikirenso. Pa dilamu, njinga zambiri zili ndi kamuvi panja. Kakafika pa chizindikiro chake pamene buleki wapondedwa, mashu atha. Kulira kwa chitsulo pa chitsulo chinzake kumatanthauza kuti mwachedwa kale: disiki ikudyeka, ndipo mtengo wa disiki umaposa wa mapadi kangapo. Amene anakana kugula mapadi mwezi watha amagula zonse ziwiri mwezi uno.

Tsono m'sitolo mudzapeza mitundu yosiyana, ndipo apa mpamene pagona nkhani. Mapadi olembedwa kuti organic amapangidwa ndi ulusi ndi zinthu zina zomatidwa ndi utomoni. Ndi otsika mtengo, salira, sadya disiki msanga, koma amatha mofulumira ndipo amafooka akatentha kwambiri. Olembedwa kuti sintered ndi ufa wa zitsulo, makamaka mkuwa, wotsindiridwa pamodzi pa moto waukulu. Amenewa amapirira kutentha, amagwira ngakhale m'mvula ndi m'matope, ndipo amakhalitsa, koma ndi okwera mtengo ndipo amadya disiki mofulumirirapo. Pakati pa awiriwa pali olembedwa semi-metallic. Ngati njinga yanu imangozungulira paboma, a organic abwino akwanira. Koma ngati bambo amakwera ndi kutsika mapiri a ku Phoka, kapena amayenda m'misewu ya dothi yolowera ku Hewe ndi ku Nyika, kumene fumbi la chilimwe ndi matope a dzinja zimapala padi ngati tupa, ine ndingati onjezerani ndalamayo mugule a zitsulo, malinga buku la njingayo likulola.

Pa mapadi ena pamalembedwa zilembo ziwiri monga FF, GG kapena HH. Choyamba chimanena za mphamvu ya kugwira padi ikadali yozizira, chachiwiri ikatentha, ndipo H amaposa G, G amaposa F. Kwa ife a kumapiri chilembo chachiwiricho ndicho chofunika koposa. Yang'ananinso mmene mnofu wamatidwira pachitsulo. Mukaona mpata, mng'alu kapena m'mbali mukunyenyeka, isiyeni, pakuti mnofu wa padi yachinyengo utha kumatuka wonse nthawi imodzi njinga ili paliwiro. Lisiti litengedwe.

Mapadi amasinthidwa awiri onse pamodzi, osati imodzi lero inzake pakutha pa mwezi. Ndipo ndalama ikachepa musalole kuti buleki wakutsogolo ndiye adikire. Alipo oyendetsa ena amene amamuopa, amati amagwetsa, mpaka kumusiya wakufa. Zoona zake nzakuti njinga ikamaima kulemera konse kumathamangira kutsogolo, ndipo gudumu lakutsogolo ndilo limagwira ntchito yaikulu yoimitsa. Nawo mafuta a mabuleki a disiki ali ndi mtundu wake, DOT 3 kapena DOT 4, monga kwalembedwera pa chivindikiro. Mafutawa amayamwa chinyezi pang'onopang'ono, choncho amafunika kusinthidwa pakatha zaka ziwiri. Oilo wa injini asathiridwemo, ndipo padi imene yakhudzidwa ndi oilo kapena girizi ndi yotaya, sopo saichiritsa.

Pali mbali ina imene imagwa m'manja mwathu mwenimweni, ya zochapa. Kale mabuleki ankapangidwa ndi asibesito, amene fumbi lake likalowa m'mapapo limayambitsa khansa patapita zaka zambiri. Mayiko a European Union anamuletsa m'chaka cha 2005 ndipo South Africa mu 2008, koma si mayiko onse opanga masipeya amene anamuletsa, ndipo ndi maso simungamuzindikire. Pa chifukwa ichi bambo asauzire ndi pakamwa fumbi la m'dilamu; apukute ndi kansanza konyowa. Ovolosi imene anavala pokonza musaikung'unthe pakhonde pamene ana akusewera. Iviikeni m'madzi poyamba, ndipo muichape payokha, osati m'beseni limodzi ndi matewera.

Ndalama ya mapadi isachite kufunidwa tsiku limene alira. Patulani pang'ono pa zimene njinga yabweretsa tsiku lililonse, monga mumachitira ndi ya banki mkhonde, ndipo mabuleki onse awiri aonedwe mvula isanayambe.

Mapadi atsopano sagwira ndi mphamvu zonse tsiku loyamba, pakuti amayenera kuzolowerana ndi disiki. Bambo ayambe ayenda okha pamalo osalala, akuima pang'onopang'ono kambirimbiri, ndipo masiku oyambirira asanyamule katundu wolemera kutsika Golodi kapena Chiweta. Mapadi akalewo muwapemphe abwere nawo kunyumba. Ayikeni pambali pa kamtengo ka machesi muone mmene anathera, ndipo mulembe tsiku limene asinthidwa m'kabuku kanu ka ndalama.