Makina amene anaonetsa chimene chimapha ana a malungo a muubongo

Mwana akafika ku Gulupu, chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, atakomoka ndi malungo, madokotala amadziwa chochita: kumubaya mankhwala, kuletsa kukoka kwa thupi, kuyeza shuga m'magazi. Ambiri amatsitsimuka. Koma ena, ngakhale mankhwala ali m'thupi ndipo tizilombo ta malungo tikutha, amangosiya kupuma mwadzidzidzi. Kwa zaka zambiri chifukwa chake sichinkadziwika bwino.

Dr Terrie Taylor wa ku Michigan State University anayamba kulondola nkhaniyi ku Blantyre m'chaka cha 1986, pamodzi ndi Professor Malcolm Molyneux. Awiriwa ndi amene anakonza Blantyre Coma Score, muyeso woonera kukula kwa chikomokere cha mwana. Gulu lawo linapimanso mitembo ya ana, mabanja ofedwa atavomera, ndipo linapeza kuti mwa ana amene ankati afa ndi malungo a muubongo, pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse anali atafa ndi matenda ena. Komabe mtembo sungaonetse zonse zimene zinkachitika m'mutu mwana akadali ndi mpweya. Panafunika kuona ubongo wa mwana wamoyo.

Mwayi unadza mu 2008, pamene makina a MRI oyamba m'Malawi anaikidwa pa chipatala cha Queen Elizabeth. Makinawa sagwiritsa ntchito cheza choopsa ngati cha X-ray. Ali ndi maginito aakulu amene amayalanitsa timbewu ta hydrogen topezeka m'madzi a m'thupi. Mafunde onga a wailesi amatigwedeza, ndipo pamene tikubwerera m'malo mwake timatulutsa chizindikiro chimene kompyuta imasandutsa chithunzi. Ubongo uli ndi madzi ambiri, n'chifukwa chake umaoneka bwino kwambiri. Paul Lauterbur ndi Peter Mansfield analandira mphoto ya Nobel mu 2003 kaamba ka luso limeneli.

Makina a ku Blantyre anali a mphamvu ya 0.35 tesla yokha, pamene zipatala zambiri za kunja zimagwiritsa ntchito a 1.5 kapena 3. Anakwanira ndithu. Dr Karl Seydel, Dr Sam Kampondeni, Mmalawi wodziwa kuwerenga zithunzi zoterezi, ndi anzawo anajambula ana 168 odwala malungo a muubongo, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2015 m'magazini ya New England Journal of Medicine. Ana 25 anamwalira, ndipo 21 mwa iwo anali ndi ubongo wotupa kwambiri. Mwa ana 143 amene anapulumuka, otupa choncho anali 39 okha.

Chigaza sichitanuka. Ubongo ukatupa umasowa kolowera, ndiye umakankhikira pansi n'kupanikiza tsinde lake, pomwe pali mbali yolamulira kupuma. Mwana amafa chifukwa mpweya waima.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi cha ana 39 aja. Ubongo wawo unatupa koopsa, koma anakhala ndi moyo, ndipo amene anajambulidwanso anaonetsa kuti kutupako kunali kuphwa. Ndiye kuti mwana akathandizidwa kupuma m'masiku ovutawo, mwina angathe kuwoloka. Pamenepa ndi pomwe panachokera kafukufuku wina ku Blantyre konko, woyesa makina othandiza kupuma ndi madzi a mchere wambiri operekedwa m'mitsempha pofuna kuphwetsa ubongo.

Ndikuona kuti yankho ili silikanapezeka ku London kapena ku Boston, kumene makina amphamvu ali mbwee koma ana okomoka ndi malungo sapezekapezeka. Linayenera kufunidwa kumene kuli nthendayo.

Vuto lotsala ndi mtunda ndi ndalama. MRI wamba imafuna chipinda chakechake ndi magetsi osathimathima, ndipo mwana wa ku Nsanje kapena ku Chitipa safika pa makinawo nthawi ikadalipo. N'chifukwa chake ku Queen Elizabeth ayesanso kamakina ka kampani ya Hyperfine, ka 0.064 tesla, koyenda pa mateyala mpaka pambali pa bedi la wodwala. Zithunzi zake sizioneka bwino ngati za makina aakulu, ndipo kamajambula mutu wokha.