Phula Lofunda pa Zala za Nyamakazi

Ndikatchula parafini, musaganize za mafuta a m'koloboyi. Ndikunena phula loyera, longa lopangira makandulo, lomwe madokotala a mafupa amagwiritsa ntchito pa zala zouma ndi nyamakazi.

Amalisungunula mpaka madigiri pafupifupi 50, n'kuviikamo dzanja kangapo kuti phula likute ngati gulovu. Kenako amakulunga dzanjalo m'pulasitiki ndi thaulo kwa mphindi 15 kapena 20. Kutenthako kumayendetsa magazi n'kufewetsa mfundo, ndipo khungu lothetheka limasalala chifukwa chinyezi sichithawa.

Ndinene mosabisa: phulali limangopepuza ululu, nyamakazi yokha imatsala. Amene muli ndi chilonda, mfundo yotupa n'kutentha, kapena dzanzi la matenda a shuga, lipeweni; a dzanzi mungapse osamva.