Mayi Akasiya Kusamba: Kodi Amwe Mankhwala a Mahomoni?

Mayi aliyense amafika nthawi yosiya kusamba, kawirikawiri pakati pa zaka 45 ndi 55. Timati wasiya pakapita miyezi 12 osaona msambo. Awa si matenda ndiponso si kulodzedwa ayi. Chimachitika n'chakuti timadzi ta m'thupi totchedwa mahomoni, makamaka esitirojeni, timayamba kuchepa.

Amayi ena amadutsa nthawiyi popanda vuto. Ena amamva kutentha thupi mwadzidzidzi, amatuluka thukuta usiku, amasowa tulo, sachedwa kupsa mtima, ndipo amamva kupweteka pokhala malo amodzi ndi bambo chifukwa cha kuuma kwa njira. Mafupa nawo amayamba kufooka.

Mankhwala alipo

Madokotala ali ndi mankhwala obwezeretsa mahomoniwa: akumwa, omata pakhungu ndi opaka. Amachepetsa kwambiri kutentha thupi ndi thukuta, ndipo amateteza mafupa. Mayi amene ali ndi chiberekero amapatsidwa esitirojeni pamodzi ndi homoni ina yotchedwa projesiteroni, chifukwa esitirojeni payekha angayambitse khansa ya m'chiberekero. Tidziwenso kuti awa si mankhwala olerera.

Kodi ngoopsa?

M'chaka cha 2002 kafukufuku wa Women's Health Initiative ku America, wa amayi oposa 16,000, anaimitsidwa msanga. Anapeza kuti mwa omwe ankamwa mankhwalawa, odwala khansa ya m'mawere, sitiroko ndi kuundana kwa magazi m'mitsempha anali ochulukirapo. Amayi ambiri anachita mantha nasiya kumwa. Koma ambiri a m'kafukufukuyu anali atapitirira zaka 60. Lero akatswiri amati kwa mayi wathanzi wosakwana zaka 60, kapena amene sanathe zaka 10 chisiyireni kusamba, ubwino wake kawirikawiri umaposa kuopsa kwake.

Tisanasankhe, tidzifunse

1. Kodi vutoli likutilepheretsa kugona, kulima kapena kukhala bwino m'banja? Ngati ndi laling'ono, mankhwala safunika.

2. Kodi tayezetsa? Thukuta la usiku limabweranso ndi chifuwa chachikulu kapena malungo. Tisangoti ndi ukulu.

3. Kodi tinadwalapo khansa ya m'mawere, sitiroko, matenda a chiwindi kapena kuundana kwa magazi? Ngati ndi choncho, mankhwalawa sayenera ife.

4. Kodi tili pa mankhwala ena, monga a kuthamanga kwa magazi kapena ma ARV? Tiwauze adokotala osabisa.

5. Kodi tidzatha kuwapeza mwezi ndi mwezi ndi kubwerera kuchipatala kukaonedwa? M'zipatala zazing'ono sapezeka kawirikawiri, ndipo kugula kumafuna ndalama.

Ife a ku Domasi tingayambire pa chipatala cha Domasi, ndipo akaona kuti n'kofunika adzatitumiza ku chipatala chachikulu cha Zomba. Tisagule mankhwala otere pamsika kapena kubwereka kwa anzathu.

Chenjezo

Mayi akaona magazi atasiya kale kusamba, asaganize kuti msambo wabwerera. Apite kuchipatala msanga. Khansa ya khomo la chiberekero ndiyo imapha amayi ambiri m'Malawi kuposa khansa ina iliyonse, koma ikapezeka msanga imachizika.

Kwa osamwa mankhwala

Tivale zovala zopepuka, tipewe fodya ndi mowa, tiziyenda ndi kugwira ntchito zolimbitsa thupi. Matemba ndi usipa zodya ndi minga yomwe, mkaka ndi ndiwo zamasamba monga bonongwe zimalimbitsa mafupa.

Thupi ndi la mayi, choncho mawu omaliza ndi ake, atamva bwino malangizo a kuchipatala. Ali ndi ufulu wofunsa, wovomera ndi wokana. Abambo, udindo wathu ndi kumvetsa, kuleza mtima ndi kuperekeza amayi kuchipatala.

Mafunso okambirana m'miphakati

1. N'chifukwa chiyani amayi ambiri amavutika mwakachetechete pa nthawiyi?

2. Ndi zikhulupiriro ziti za kwathu zimene zimawaletsa kupita kuchipatala?

3. Mphakati wathu ungathandize bwanji mayi wosowa ndalama yoyendera kupita ku Zomba?